Phale la Amayi m'Dongo Langa

Fungo la utuchi wopserera limandibweza kushedi ya malata kumene amayi ankaumba mbiya pamodzi ndi anzawo, chaka chimene ndinali mu giredi sikisi. Inali nyengo yachisanu. Loweruka lililonse tinkakwera kombi, kaminibasi, kwathu ku Nketa manja ali m'khwapa, n'kukapeza ena atayamba kale kukanda dongo, Chindebele ndi Chichewa zikusakanikirana pakamwa. Onse ankagwiritsa ntchito uvuni umodzi wa mgolo, ndipo chaka chimenecho anatengeka ndi kawotchedwe kotchedwa raku. Mbiya ankaichotsa pamoto ndi mbaniro idakali psuu, n'kuiponya m'chitini cha utuchi kuti utsi uilembe mizere yakuda.

Ine ndinkakakamira dongo loyera, losalala ngati majarini, limene anthu ankaumbira makapu. Kawiri konse mbale yanga inaphulika itangokumana ndi mphepo yozizira, ndipo kachiwiriko chidutswa chinaswa kapu ya munthu wina. MaSibanda, amene ankayang'anira uvuni, sanakalipe. Anangouza amayi kuti ikaphulikanso, mwanayu azingosesa mpaka chaka chamawa. Ine kusesa! Ndinalira m'kombi njira yonse, anthu akundiyang'ana.

Tsiku lotsatira titachoka kutchalitchi, amayi anatulutsa phale lawo lokazingira mtedza, lakuda bii, n'kuliswera mumtondo. Anati dongo losalala silipirira kuchoka pamoto mwadzidzidzi, limafuna timiyala m'kati mwake.

"Sinja, mwanawe. Koma lisachite kukhala ufa, lizimveka m'zala."

Ndinasinja ndikung'ung'udza. Nditasakaniza ndi dongo langa lokongola lija, linasanduka lotuwa, lokhakhala, ndipo linandikanda zikhatho mpaka kuwawa. Mbale imene ndinaumba inali yonenepa m'mbali, yosasangalatsa m'pang'ono pomwe. Ndinaiyanika kuseri kwa mbiya za ena chifukwa cha manyazi.

Tsiku lowotcha kunali mphepo ya fumbi. MaSibanda anaipana mbale yanga ikuyaka ngati khala, ine ndikudikira kuti ndimve phuu! Koma zii. Anaiika mu utuchi, malawi anabuka, anavindikira. Ataitulutsa n'kuitsuka, inali yathunthu, yoyera, mizere yakuda itayala paliponse. Anaigogoda ndi chala, inalira ngwee. Ndinavina pomwepo, nsapato zodzaza utuchi, azimayi akuimba nthungululu. Tsache sindinaligwire chaka chonsecho, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wadziwa.

Nthawi imeneyo ndinkati ndapambana ndekha, ndi manja angawa. Ndinali wamkulu kale pamene azakhali anandiuza kuti phale lija linali chotsala cha mtsuko umene amayi anabwera nawo kuchokera ku Chipata pokwatiwa, ndipo analibenso china chakwawo. Mtedza amayi anayamba kukazingira pa chiwaya chachitsulo. Mbale ija ili pa kabati yanga, ndipo ndikaisisita, timiyala tija timamvekabe m'zala.