Mipando ya Abambo Chilombe

Abambo Shadrick Chilombe, wansembe wa Angilikani wobadwira ku Malindi, anatumikira mpingo wa Episikopo ku South Bend, m'dziko la America, zaka zisanu ndi zitatu. Mmalawi akamwalira, ngakhale ku Indianapolis, ankayendetsa galimoto maola atatu kukakhuza maliro. Sankachulutsa mawu. Ankangokhala pansi pamodzi ndi anamfedwa, chifukwa maliro salira munthu mmodzi.

Mu 2016 mayi a kunyumba kwawo, a Sophia, anamwalira. Abambowo anabwereka mipando kutchalitchi n'kuindandalika pabalaza, chitseko n'kuchisiya chosakhoma ngakhale kunja kunali chisanu choluma.

Akhristu awo achizungu anatumiza makhadi ndi maluwa. Mkulu wa mpingo anaimba foni mwaulemu, nati, "Tagwirizana kuti tisakusokonezeni, mukhale panokha kaye." Amalawi nawo anapepesa pafoni: ali pa shifiti, abwera Loweruka.

Panokha! Kwawo ku Malindi, munthu amene anthu amamuthawa pamaliro ndi mfiti basi.

Tsiku lachitatu Abambo Chilombe anayamba kupinda mipando ija umodziumodzi, popanda ndi umodzi womwe wakhalidwapo, akudzifunsa chamumtima kuti kodi iwo analodza yani.