Atenga Chidole cha Tamara Ngati Umboni wa Chilala

Anthu inu, a ofesi ya chithandizo cha chilala atenga chidole cha mwana wanga! Ndikulemba uku ndikuseka, koma nkhaniyi si yoseketsa.

Ndine amake Tamara wa ku Kanakantapa. Ondidziwa adziwa kuti sindiyankhula pagulu, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma lero mundimva.

Chaka chatha chimanga chathu chinapsa ndi dzuwa. Mu Epulo tinalembetsa maina. Anati adzabwera kudzaona munda, kenako ndalama idzalowa pa foni. Tinadikira. Mapesi anadyedwa ndi ng'ombe. Mvula inagwa, tinabzalanso mbewu yopempha.

Lachiwiri lapitali, mu Janyuwale muno, 10 koloko m'mawa, ndi pamene njinga yamoto inafika. Anatsika bambo wa jekete, foni yaikulu m'manja. Anaona chimanga chofika m'chiuno, nandifunsa:

"Ba mayo, chilala chili kuti apa?"

Chili kuti! Kodi chilala ndi mlendo woti ndikanamuyalira mphasa adikire miyezi isanu ndi inayi?

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti chinapita. Iwo anati fomu ifuna chithunzi cha mbewu yowonongeka, apo ayi dzina langa lichoka. Likachoka, feteleza ndigula ndi chiyani? Masamba a m'munsi ayamba kale chikasu.

Tinazungulira munda wonse kufunafuna chilala. Kuseri kwa chulu, kulibe. Ndinawaonetsa nkhokwe, anati nkhokwe yopanda kanthu si mbewu. Apongozi anga anabwera nafunsa, "Bwana, pansi pa bedi mwayang'anapo?" Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke.

Pamenepo anatulukira Tamara, wa zaka zitatu, ataberekera chidole chake. Ndi kachimanga kopinimbira ka chaka chathacho, ka njere zisanu basi. Anakatcha Esnati, ndipo amakaluka ndevu zake ngati tsitsi.

Bambo aja anadumpha. "Iyi ndiye tifuna! Iwe mwana, nipase."

Anakweza foni kuti ajambule. Foni thii, yazima, batire latha. Anangomuponya Esnati m'thumba la jekete, akuti akamujambulira ku ofesi, adzabwera Lachisanu pamodzi ndi ndalama. Tamara analira mpaka njinga inazimiririka m'fumbi.

Lachisanu sanabwere. Dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe, ndi K40 imene ndinapeza nditagulitsa tambala wanga. Ndinaima pamzere kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko masana. Amayi a pawindo anati bwana wosayina apita ku msonkhano, ndibwerenso sabata ya mawa. Ndinali nditatembenuka kale, monga mwa chizolowezi changa, pamene ndinaona patebulo kumbuyo kwawo. Esnati! Ali m'pulasitiki, atamumata pepala la dzina langa pamimba.

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinakuwa, "Uyo ni mzukulu wanga, nipaseni!"

Mzere wonse unafa nako kuseka. Amayi aja anati umboni sutuluka bwana asanasayine.

Tsono bwana, kulikonse muli, Tamara akuyenda ndi kansalu kopanda kanthu kumbuyo, ndipo chimanga changa chikufuna feteleza sabata ino. Sayinani, ndalama ilowe, Esnati abwere kwawo. Komanso mumuike pamwamba, chifukwa ndinaona khoswe pansi pa benchi lanu. Akadya njere zisanu zija, musadzandiuze kuti ku Kanakantapa chilala kunalibe.