Gitala ya Chala Chimodzi

Utsi wa malasha ukandilowa m'mphuno, ndimamva kulira kwa gitala ya ababa. Inali nyengo yozizira, fumbi lakuda likudetsa zovala pachingwe, mabogi a sitima akugundana kutali kusiteshoni ya Thomson Junction. Ababa anali atasiya ntchito, ngozi itawadula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Zala zomwezo ndi zimene ankadinira mawaya.

Ankafuna kupeka nyimbo yokumbukira achimwene awo amene anatsala pansi pa ngozi ya mumgodi wa malasha wa Kamandama, kuti akaiyimbe kutchalitchi mwezi wa Juni. Tsono tsiku lililonse ankakhala pakhonde, gitala pamwendo, kukunga waya uyu, kukhwefula uyo. Ankafunafuna machunidwe akuti mawaya onse azimvana okha osadinidwa, kuti chala chimodzi chikagona chopingasa, nyimbo iziyenda. Koma phokoso lake, mayo ine! Waya wina ankalira ngati chitseko chadzimbiri, wina n'kuduka, thapu! Akapeza machunidwe abwino, mawu a nyimbo ankakana, n'kuyambiranso.

Ine ndinali mtsikana wa sitandade faifi, ndipo manyazi ankandidya. Anzanga podutsa ankafunsa m'Chindebele ngati kwathu tikupha mphaka. Ndinayamba kumazungulira kuseri kwa nyumba pochoka kusukulu.

Madzulo ena phokoso lija linasanduka nyimbo. Amayi anaima ndi tsache m'manja. Ababa anandiitana, nkhope ili ngwee. "Esinati, tamvera! Yagwira tsopano."

Lamulungu lake anandipatsa gitala kuti ndiisunge pabenchi, iwo akupereka moni kwa akulu ampingo panja. Kunabwera Jairosi, mnyamata woimba gitala m'kwaya, amene atsikana tonse tinkamugomera. Anakhwatcha mawaya n'kuseka. "Iyi yasokonekera zedi! Bwera nayo ndiwakonzere mdala."

Ndinkadziwa bwino kuti sinasokonekere. Koma kunena pamaso pa anzanga kuti ababa amachuna chonchi dala chifukwa alibe zala, kunandichititsa manyazi. Ndinangomupatsa. Iye anaichuna monga amachunira wina aliyense, n'kundibwezera mokoma mtima.

Nthawi itakwana, ababa anaima kutsogolo, anatchula dzina la achimwene awo, n'kugoneka chala chija. Zimene zinatuluka zinali zonyansa m'makutu. Ana anaphulika kuseka, amayi ena n'kubisa nkhope m'nsalu. Ababa anayang'ana mawaya, kenako ine. Anayesa kupotokola zokungira, koma mbusa anali atayang'ana kale wotchi. Ababa anatsamiritsa gitala kukhoma n'kuimba pakamwa pokha, mawu akusasa. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga, makutu akutentha.

Pobwerera kunyumba sanandifunse kanthu. Ananyamula okha gitala, n'kukaikoleka pamsomali kuchipinda, ndipo inakhala pomwepo mpaka mawaya anachita dzimbiri.

Tsiku lija ndinkaganiza kuti manyazi anga anali akuti anthu aseka ababa. Lero nanenso ndimapeka nyimbo, ndipo ndikudziwa kuti munthu akapeza machunidwe akeake, amakhala wapeza mawu ake. Ndayesa machunidwe ambirimbiri kufunafuna aja a pakhonde. Sindinawapeze, poti nthawi imene ankawapanga ine ndinkadzera kuseri kwa nyumba.