Nkhanu ya a Thangavelu

A Thangavelu, aneba athu kuno ku Chennai, akhala akufa kwa zaka zambirimbiri. Ntchito yawo ndi yolankhula Chitamil m'malo mwa azungu a m'mafilimu, koma amangowapatsa anthu ongoti "mayo ine!" n'kugwa.

Chaka chatha kunabwera filimu ya ngwazi ya pansi pa nyanja, yokwera nsomba ngati njinga. Iwo anawapatsa nkhanu yolondera pachipata. Kuti mawu amveke ngati a m'madzi, ankalankhula ataviika pakamwa m'kapu. Ankayeserera pakhonde, bwubwubwu, mpaka ndinawakalipira kuti akundidzutsira mwana.

Filimuyo itatuluka, olemba nyuzi anainyoza koopsa. Wina anati ndi madzi okhaokha opanda ndi mchere womwe. Koma mmodzi anamaliza ndi mawu akuti, "Chamoyo m'filimu yonseyi ndi nkhanu basi." A Thangavelu anakondwa zedi, n'kuwerengera msewu wonse, ngakhale ife amene sitinawafunse.

Akazi awo, a Kanagam, sanaseke nawo. Sabata yomweyo kunkabwera banja lina kudzaona mwana wawo Poongodi, ndipo mtsikanayo anali atamukonda kale mnyamata wa kubanjalo.

"Bambo, akakufunsani muziti mumagwira mu ofesi," anatero a Kanagam. "Ndani angakwatire mwana wa nkhanu?"

Tsikulo ndinalipo, kuthandiza kugawa khofi. Bambo a mnyamatayo, munthu wosaonetsa mano, anafunsa, "Kodi achimwene, mumagwira ntchito yanji?"

A Thangavelu anayang'ana akazi awo, kenaka Poongodi. Kunama kunawakanika. Mtsikana uja, mutu atazolika monga mwa mwambo, anangowakankhira kapu ya madzi mwakachetechete.

Abale inu! Mkulu uja anaviika pakamwa n'kubangula, "Palibe wodutsa pano!"

Ine ndinangoti basi, ukwati watha. Kenaka mayi a mnyamata anawomba m'manja.

"Nkhanu ija!" anakuwa, akugwedeza amuna awo. "Bambo, si imeneyi munaiseka mpaka kutayira anthu mbuliwuli?"

Bambowo anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi.

"Filimu ija inali yachabechabe," anatero akupukuta m'maso. "Koma inu! Tabwerezaninso, asewere."

Atamva mawu akuti asewere, a Kanagam anadzuka okha kukadzazanso kapu.