Chala cha a Poongodi

A Poongodi anayamba ntchito pafakitale yathu ku Sriperumbudur ine ndikadali pasukulu. Msana wawo unapindikira pabenchi yomweyo, akuunika mabolodi, timatabwa tolumikizirapo tizipangizo tamagetsi, asanafike kwa ine woyesa. Sadandaula, sajomba. Pakhomo pawo wodyetsa anthu ndi iwowo, chifukwa amuna awo analeka kale kugwira ntchito.

Vuto linabuka pa opampu, kachipangizo kakuda ka miyendo eyiti kamene kamakuza magetsi akakhala ochepa. Ukaika mita yoyezera magetsi, manambala amangodzandira ngati woledzera. Ndinkazula kakaleko n'kuwotcherera katsopano, bolodi n'kuchira, mawa ina yayambanso. Maso kuwawa, khosi gwa, ine ndinatopa nazo. Titadandaula kwa ogulitsa, iwo akuti tizipangizo tawo tilibe vuto.

“Ndiye kuti pali dzanja la munthu,” anatero a Kathiresan, kapitawo wathu. “Ndikangomudziwa, azipita kwawo.”

Ndinadzakaona pagalasi lokuzira zinthu: kadontho kofiira pakati pa miyendo iwiri yolowera magetsi. Kungumam! Ufa wofiira wa dalitso umene timapaka pamphumi kwathu kuno, utasakanikirana ndi thukuta. Pamalo amenewo opampu sifuna ngakhale kachinyezi. Nditacheuka, ndinaona a Poongodi akuvula golovesi, kugwira pamphumi, kukhudza bolodi, n'kuipereka kutsogolo.

Nthawi ya tiyi ndinawakokera pambali. “Achemwali, amene mukutipha ndinu. Chala chija n'chachiyani?”

“Mabolodiwa amakalowa m'makina akuchipatala, Ezhil. Azipita opanda dalitso?”

“Dalitso lanulo likunamiza makinawo! Siyani, apo ayi ntchito ikutherani.”

Anayesetsa ndithu, koma chala chinazolowera. Tisanaweruke chinali chitapitanso pamphumi chokha, mwiniwake osadziwa, ine n'kumapukuta mabolodi mobisa kwinaku ndikuyang'ana kumene ali kapitawo. Ndinawauza poyera kuti sindingathe kuwabisa tsiku lililonse. Anangonyamula kachitini kawo ka mpunga.

M'mawa mwake anatsika basi ya kampani pamphumi palibe kanthu. Kwathu kuno mkazi amafufuta kungumam tsiku limene mwamuna wake wamwalira. Amayi amene anali pageti anawathamangira, wina atayamba kale kulira.

“Mayo ine, Poongodi! Achimwene atisiya liti?”

“Ali moyo,” anatero, osadzutsa mutu. “Ndawasiya akumwa phala. Tandipatsani njira, belu lilira.”