Moni Umene a Matiyasi Anaukana

Lachisanu m'mawa, ndisanapite kusukulu ya mishoni, ndinadzera kumunda wa tiyi kukawapatsa amayi chinangwa chowotcha. Akugwira thangata kumeneko, kulimira mzungu kuti asatichotse pamalo.

Ndili chapatali, kapitawo anadutsa, ndodo m'manja, jekete atamanga mabatani mpaka m'khosi. Amayi anawerama n'kuwomba m'manja. "Mosheliwa, bambo." Ndi moni wathu wam'mawa wa Chilomwe, umene anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa Ruo.

Iye sanaime n'komwe. "Anguru inu, kulira kwanu kwa mbalameko muzikalirira Apwitikizi. Khasu pansi!"

Ndinabisala kuseri kwa mtengo, sileti ndili nayo pachifuwa. Kapitawoyo ndimawadziwa. Ndi a Matiyasi, amene akufunsira achemwali anga a Elinati. Mawa akubwera kwathu kudzaonekera. Iwo ndi amayi sadziwana nkhope, poti mkamwini ndi apongozi amapewana.

Anzanga, ine sindidziwa zambiri, koma ndili ndi maso. A Matiyasi anayamba kupemphera mwezi womwewo umene anaona achemwali akutunga madzi ku Likhubula. Lamulungu amatsinzina zolimba, mawu n'kumanjenjemera: "Ambuye, tonsefe ndife ana anu." Azimayi amagwedeza mitu, ati munthu wa Mulungu.

Tonsefe? Ndi aja apamzere wa makasu omwe?

Mwina ndikuwalakwira. Ndinaganiza kuti kapena mzungu anali pafupi, iwo n'kuchita mantha. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe mzungu.

Si a Matiyasi okha amene amanyoza moni wathu. Masiku ano munthu akangolandira dzina la m'Buku, moni wa kwawo umayamba kumunyansa. M'kalasi mwathu muli atsikana amene amaphimba mphini zawo ndi nsalu, ndipo agogo awo akadutsa panja amayang'ana padenga. Kodi madzi aubatizo amatsuka machimo, kapena amatsuka abale? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Madzulo tikusinja, ndinawanong'oneza achemwali zimene ndinaona kumunda. Anaseka.

"Iwe Rute, nsanje basi! Pakamwa pamene pamatsekeka mphunzitsi akakufunsa, lero patseguka? Bambo aja anandiuza kuti ndine duwa."

"Amadziwa kuti ndinu Mlomwe?"

Munsi unaima m'mwamba. "Sanandifunse."

Amayi anali atamva. Anandikokera kukhonde n'kunena chapansipansi, "Mwananga, zisiye. Ukwati wa mkulu wako usafe chifukwa cha moni wanga."

Koma mkamwini amamanga nyumba pabwalo la apongozi. Adzamva Chilomwe tsiku ndi tsiku, kumphika, kumaliro, ngakhale m'kamwa mwa ana ake. Nanga adzatani? Ndodo ija adzaisiya kumunda wa tiyi? Chikondi chimene sichinafunse kumene munthu achokera, chakonda munthu kapena chakonda nkhope?

Sindifuna kupasula. Achemwali ndimawakonda, ndipo akamasoka nsalu yawo yaukwati amaimba. Ndikungofuna adzionere okha, asanamwe madzi osayang'ana m'chikho.

Choncho ndatsimikiza. Mawa m'mawa alendo akakhala pamphasa, ndine ndidzapereke madzi. Ndidzagwada pamaso pa a Matiyasi, achemwali akuyang'ana, amayi akumvera kuseri kwa mpanda. Ndidzawomba m'manja, n'kunena momveka, "Mosheliwa, alamu."

Ndipo sindidzadzuka mpaka atayankha.