Bupe, mzere wakutali ndi kabichi wa ba Sikazwe

Lachitatu lapitali mpira wa basiketibolo unagwera m'dimba la pasukulu pathu. Unadutsa pamwamba pa bolodi la ring'i, unadumpha waya, n'kukaphwanya mutu wa kabichi womwe ba Sikazwe, aphunzitsi athu a zaulimi, ankauonetsa kwa mlendo aliyense. Amene anauponya ndi mnzanga Bupe. Tsiku lomwelo anauzidwa kuti Loweruka, pokasewera ndi atsikana a ku Kabulonga, iye adzakhala pabenchi.

Mwina ena simukumudziwa Bupe. Ngati munakwerapo basi ya ku Kabwata n'kuona mtsikana wa yunifomu ataimirira, mutu ataweramitsa ngati akupemphera, ndi yemweyo. Sikuti amakhala akupemphera ayi. Denga la basi ndi lomwe limamufupikira.

M'timu yathu Bupe ndi senta. Senta ndi wamtali uja amaima pafupi ndi ring'i, kulandira mpira, kutembenuka n'kuuikamo, komanso kutola mipira yomwe enafe taphonya. Ine ndine wamfupi. Ntchito yanga ndi kuyendetsa mpira n'kuupereka kwa anthu odziwa chochita nawo.

Temu ino pabwalo pathu anajambulapo mzere watsopano, wokhota ngati uta, kutali ndithu ndi ring'i. Malamulo atsopano akuti ukaponya uli kunja kwa mzerewo, mpira n'kulowa, mapointi ndi atatu m'malo mwa awiri. Penti atauma tonse tinapita kukauona. Tinauyang'ana, tinauponda, kenako tinausiya pomwepo. Palibe amene anaganiza kuti ndi wathu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Tonsefe tinayambira netibolo ku pulayimale, ndipo mu netibolo kuponya uli kunja kwa kabwalo ka pagolo kaja ndi mlandu. Wezulo amalira, anzako amakukalipira. Miyendo yathu inaphunzira zimenezi kale kwambiri. Ba Madamu Zulu, omwe amatiphunzitsa masewera, ndiye asewera netibolo moyo wawo wonse. Basiketibolo anangopatsidwa pamene mphunzitsi woidziwa anasamutsidwira ku Copperbelt. Amalimbikira ndipo timawakonda, koma akamuyang'ana Bupe amaona woponya wa netibolo amene Mulungu anamutumiza kuti aime malo amodzi. Pansi pa ring'i iwo amapatcha kunyumba kwa Bupe.

Lachitatu lija tinagawana matimu awiri kuti tikonzekere za Loweruka. Mutinta ndi Grace anauzidwa kuti amutsekereze Bupe, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndi zigongono zomwe. Ndikati ndimupatse mpira, ndinkangoona manja a Mutinta. Bupe anapirira kwa kanthawi, kenako anangoyamba kuyenda, kutuluka mpaka kuseri kwa mzere watsopano uja.

"Iwe Bupe, uyenda kuti?" ba Madamu anakuwa. "Bwelela ku nyumba kwako!"

Koma Mutinta ndi Grace anali atamutsatira kale, poti anauzidwa kuti asamusiye. Pansi pa ring'i panatsala pambalambanda. Ine ndinathamangirapo, ndinaponya, mpira unalowa. Owerenga anzanga, chilowereni m'timuyi ndinali ndisanagoletsepo tikusewera matimu awiri. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala kubwerera kumbuyo.

Ulendo wotsatira mpira unamupeza Bupe ali kunja komweko. Anayang'ana ring'i, anapinda mawondo, n'kuponya ndi mphamvu zonse za nsomba za ku Luapula zomwe mayi ake amamudyetsa. Zotsatira zake ndanena kale.

Wezulo analira nthawi yaitali.

"Bupe! Nindani anakuuza ati uziponya kuchokela ku Chelstone?"

"Ba Madamu, nenze nifuna chabe kuyesako. Mukati muja banipanikiza monga mu basi ya ku Kamwala."

"Utali uyu unapasiwa kuti uime pansi pa ring'i. Ngati ufuna kuponya vinthu kutali, yenda ku javelini. Pa Chiwelu uzankhala pa benchi, kufikila ukanilonjeze ati siuzachitanso."

Nthawi yomweyo ba Sikazwe anatulukira pageti la dimba, mpira kudzanja lamanja, kabichi wophwanyika kudzanja lamanzere. Sanakalipe. Anangotiyang'ana mmodzimmodzi ngati akufuna kudziwa amene wawaphera m'bale. Maso atafika pa Bupe, anakweza khosi.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi sabata yonse, ndipo ndaona kuti sinayambire pabwalo la mpira.

Kodi mwana wamtali timamutani kuno kwathu? Ku Kabwata, kumafulati komwe Bupe amakhala, palibe babu lomwe lapsa iye osaitanidwa. Makatani a oyandikana nawo onse ndi iye anapachika. Sutikesi ikakhala pamwamba pa wadiropu, ndi Bupe. Kusitolo kukamveka kuti kwabwera mafuta ophikira, mzere n'kufika mpaka kumsewu, azimayi amagogoda kwa mayi ake: "Bana Bupe, tibwelekeniko mwana, akationele kusogolo ngati saladi ikalimo." Amapita, amaima kumbuyo kwa mzere, amasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu n'kupereka lipoti. Kutchalitchi amaima kumbuyo kwa kwaya. Palibe amene anamufunsapo ngati amaimba mawu aang'ono kapena aakulu. Malo ake ndi kumbuyo basi, kuti asatchinge ena.

Sitichita dala. Timangomuona munthu kamodzi, n'kumupatsa ntchito yoyenera thupi lake, nkhani n'kutha. Wolemba bwino amalemba pabolodi mpaka adzamalize sukulu. Wamawu okweza amaimbitsa nyimbo pa asembule. Ine wamfupi ndimatumidwa kukwawira pansi pa madesiki kukatola choko. Kodi alipo amene anafunsapo ngati wolemba bwino uja amafunanso kuimba?

Komabe ndikhale wachilungamo, chifukwa ba Madamu amawerenga tsamba lino la nkhani za pasukulu, ndiponso mfundo ali nayo.

Bupe akakhala kunja, mipira yophonyedwa atole ndani? Ine? Ndikadumpha ndi mphamvu zanga zonse ndimafika paphewa la Grace. Chinanso, ntchito ya pansi pa ring'i Bupe sanaimalize kuphunzira. Dzanja lake lamanzere limangoperekeza lamanja. Akamukankha amakwiya msanga, mpira n'kuutaya. Munthu amene kunyumba sanasese angathamangire bwanji kukasesa kumsewu? Ndipo ndinaonapo atsikana ena amene mzere watsopanowu wawazunguza mutu. Amangoponya paliponse, mpira umodzi ukalowa amauza sukulu yonse, yophonyedwa ija saikumbukanso. Ba Madamu safuna kuti Bupe akhale wotero, ndipo inenso sindifuna.

Koma taonani zomwe zinachitika Lachitatu lomwelo, masewera atayambiranso. Bupe anatulukanso kunja pang'ono, mwina mwa mkwiyo. Mutinta sanamutsatirenso. Anaima pansi pa ring'i, manja m'chiuno, akuseka.

"Mulekeni aponye," anatero. "Ba Sikazwe bazatola."

Apa ndi pomwe ndinamvetsa. Poyamba paja anamutsatira poti anauzidwa, komanso chifukwa sankadziwa ngati angagoletse kapena ayi. Atadziwa, mantha anatha, njira yanga ija inatsekekanso. Senta amene amatha kuponya ali kutali safunika kuponya kawirikawiri. Chongofunika n'chakuti omuletsa aziopa. Akaopa amatuluka, akatuluka enafe timapuma. Koma mantha amenewo sabwera ndi utali. Amabwera mpira ukamalowa, ndipo mpira sungayambe kulowa ngati munthu saloledwa n'komwe kuyesa.

Palinso china chomwe chimandidetsa nkhawa. Bupe ndi wamtali pakati pa ife. Akadzamaliza sukulu n'kukalowa m'makalabu a akuluakulu, kumene iye amalakalaka, adzapezako ena omuposa. Tsiku limenelo, ngati chomwe akudziwa ndi kuima pansi pa ring'i basi, adzaima pati?

Lachinayi Bupe anagwira chibalo chothirira dimba lonse. Atamaliza ndinamuperekeza kukhomo la chipinda cha aphunzitsi. M'njira ndinamunyengerera. Ndinati angolonjeza, asewere Loweruka, zinazo tidzaona. Bambo ake anali atapempha kale kuti asalowe ntchito tsikulo kufakitale, kuti akamuonerere koyamba.

Ba Madamu anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Bwanji, wabwela kulonjeza?"

Bupe anayang'ana pansi, ndipo pansi pake ndi patali.

"Ba Madamu, pa gemu sinizaponya kutali, ico nalonjeza. Koma pa pulakatisi nifuna niziyesako. Nikakamba ati nizaleka, ninshi nanama."

Ndinamutsina pamkono. Sanamve n'komwe.

"Ndiye kuti benchi waikonda," ba Madamu anatero, n'kubwerera mkati.

Loweruka tinapita ku Kabulonga. Bwalo lawo ndi losalala, mizere yake ndi ya basiketibolo yokhayokha, ndipo ring'i ili ndi ukonde wosang'ambika. Bupe anakhala pabenchi, mawondo akufika pachibwano. Bambo ake anaima kuseri kwa waya atavala jekete lawo la kutchalitchi, akuonerera ana a eni ake akusewera.

Tinazunzika. Mpira uliwonse wophonyedwa unkathera m'manja mwa a ku Kabulonga. Apa mfundo ya ba Madamu inaonekera poyera, kuti pansi pa ring'i pamafunika munthu. Vuto linali lakuti munthuyo anali atamukhazika okha pabenchi. Titapuma pakati pa masewera, ba Madamu anakhosomola, osamuyang'ana Bupe.

"Nyamuka. Yenda ku nyumba kwako."

Bupe anasewera ngati wakwiyira dziko lonse. Anatola mipira, anagoletsa, ndipo kamodzi anagoletsa ndi dzanja lamanzere, iye yemwe n'kudabwa. Bambo ake anayamba kukuwa m'Chibemba zinthu zomwe sindinazimve koma zinali zokoma. Tinayandikira. Atsikana a ku Kabulonga si opusa. Anaunjikana onse pa Bupe, ngati anthu pakhomo la sitolo shuga atabwera, ndipo mpira unaleka kumufika.

Chakumapeto, tikutsalira pang'ono chabe, anamukankhira Bupe kunja mpaka anapezeka kuseri kwa mzere. Ndinalibe wina womupatsa, ndinamupatsa iye. Palibe amene anamutsatira. Anali yekhayekha, ring'i ikumuyang'ana. Anzathu pabenchi anakuwa kuti ponya, bambo ake anakuwa kuti ponya. Bupe anatembenuka n'kuyang'ana ba Madamu. Ba Madamu anamuyang'ananso, wezulo wawo ali m'manja.

Bupe anandibwezera mpira. Ndinalowa pakati pa chigulu chija, anandilanda, nthawi n'kutha. Tinagonja.

Kodi akanaponya ukanalowa? Kunena zoona, sindikukhulupirira. Mwina ukanakagwera m'maluwa a anthu a ku Kabulonga, tikanachita manyazi ena. Koma ndinaona nkhope ya ba Madamu pamene Bupe anaima yekha paja, timu yonse ya adani itamufulatira ngati mtengo wa magetsi. Mphunzitsi aliyense zimamupweteka mwana wake akamapeputsidwa chotero.

Tinakwera basi yobwerera. Titadutsa Woodlands, ba Madamu anatembenuka pampando wawo.

"Bupe."

"Ba Madamu."

"Lonjezo unasunga, naona. Pa Mande tikasiliza pulakatisi usale. Uyambe na kumanzele kwako kuja. Ukasiliza, uziponya pafupi, ukalowesa ubwelele kumbuyo pang'ono, so chabe, kufikila ku mzele wako uja. Pa gemu nizakuuza ine siku yoponya, osati batate bako."

"Zikomo, ba Madamu."

"Ndipo uziponyela ku ring'i ya ku holo. Ba Sikazwe banikambisa kale. Bakuti ukapayanso kabichi umozi, bazanilembela kwa ba Hedi."

Basi yonse inaseka, ngakhale Mutinta. Bupe anaseka atawerama, denga litamugunda kale kawiri.

Choncho yankho langa, kwa amene andifunsa kusukulu sabata ino, ndi ili: inde, senta wachichepere aphunzire kuponya ali kutali. Asasiye kunyumba kwake, koma asamangiriridwenso pakhomo. Aphunzire pang'onopang'ono, pamene kuphonya kukungowononga kabichi.

Inu amene muli ndi Bupe wanu kunyumba, amene mumamuitana babu likapsa, munamufunsapo chomwe iye amafuna kuyesa?

Mawa ndi Lolemba, Bupe ayamba kuponyera kumbali ya holo. Kuseri kwa ring'i imeneyo kulibe dimba. Kuli mawindo a ofesi ya ba Hedi, ndipo mpaka pano palibe amene walimba mtima kukawauza.